Kuchokera pa Ng'anjo Kufika pa Thumba la Feteleza: Mbiri ya Kimika

 Pa tsamba la mbiri ulendo uno tikambirana za phunziro limene ana athu a ku sekondale amadandaula nalo kuti ndi lovuta. Ku sukulu zathu amalitcha kimika, pomwe tsidya ilo ku Malawi amati kemisitiri. Ndi phunziro lofufuza kuti chinthu chinapangidwa ndi chiyani, ndiponso chimasintha bwanji chikakumana ndi moto, madzi, mpweya kapena chinthu chinzake.

Mwina wina anena kuti, "Aaa, zimenezo n'za azungu, ife zikutikhudza pati?" Dikirani kaye. Mukapita kumsika kukagula feteleza wa mbatatesi kapena wa fodya, pa thumba pamakhala zilembo zitatu: N, P ndi K. Chilembo chilichonse chili ndi mbiri yake, ndipo imodzi mwa mbirizo imadutsa pa mafuwa a agogo athu. Tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Moto wa makolo athu

Tiyambire kwathu konkuno. M'chaka cha 1907, Mjeremani wina dzina lake Carl Wiese anakumba m'phanga la ku Chifumbazi, kumpoto kwa chigawo chathu cha Tete, napeza mapale a mbiya zakalekale. Patapita zaka, katswiri wofukula zakale David Phillipson anatenga dzina la Chifumbazi n'kulipereka kwa alimi oyamba amene anafalitsa luso la chitsulo kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Ndiye kuti dzina la malo a kwathu lili m'mabuku a mbiri ya chitsulo. M'dera lino anthu akhala akusungunula mtapo kwa zaka zoposa 1,500.

Ankachita bwanji? Ankamanga ng'anjo ya dothi, n'kuthiramo makala ndi mtapo mosanjikiza, kenako n'kupemerera moto ndi mivukuto ya zikopa. Lero kimika imatifotokozera zimene zinkachitika m'katimo. Mtapo ndi chitsulo chimene chagwirana ndi mpweya wa okosijeni, ngati dzimbiri. Makala akayaka kwambiri amatulutsa mpweya umene umalanda okosijeni uja, chitsulo n'kutsala. Ng'anjo inkatentha kufika cha m'ma digiri 1,200, koma chitsulo chimasungunuka pa digiri 1,538. N'chifukwa chake sichinkatuluka ngati madzi, koma ngati chibuma chokhala ndi zinyalala, ndipo wosula ankachimenya pa chipala mpaka chiyere.

António Gamitto, amene ananyamuka ku Tete mu 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe, analemba za luso la Amaravi posungunula chitsulo ndi kusula makasu. Makasu amenewa anali malonda otchuka m'chigwa cha Zambezi. Komatu luso limeneli linali lachinsinsi. Pa ng'anjo panali mankhwala ndi miyambo: osungunula ankasala kugona ndi akazi awo, ndipo si aliyense ankaloledwa kuyandikira. Chitsulo chikakanika, ankafunsana kuti ndani wafika pamalopo ali wotentha. Sungani mfundo imeneyi, tikumana nayonso kutsogoloku.

Phulusa, chidulo ndi kachasu

Amayi nawo anali ndi kimika yawo. Ankatentha zitsononkho kapena mapesi a nyemba, n'kuika phulusa m'chiwiya chobowola, n'kuthira madzi. Madzi odontha pansiwo ndiwo chidulo, chimene chimafewetsa masamba ndi kukometsa therere. Aarabu akale ankachitanso chimodzimodzi popanga sopo ndi magalasi, ndipo phulusa la zomeralo ankalitcha al-qaly. M'chaka cha 1807, Humphry Davy wa ku England anadutsitsa mphamvu ya magetsi mu mchere wochokera ku phulusa, napeza chitsulo chofewa chimene lero chimatchedwa potaziyamu. Dzina lake lina ndi kalium, lochokera ku al-qaly uja. K wa pa thumba la feteleza ndi ameneyo. Wothira phulusa m'dimba amathira K, ngakhale sanaphunzire kimika.

Nanga kutcheza kachasu? Mowa umayamba kuuluka ngati nthunzi pa digiri pafupifupi 78, pomwe madzi amadikira kufika pa 100. Wotcheza amatenthetsa mtsuko ndi moto wodekha, nthunzi imadutsa mu mpope woviikidwa m'madzi ozizira, n'kudontha m'botolo. Dzina loti kachasu linachokera ku liwu la Chipwitikizi loti cachaça. Chiwiya chotchezera Apwitikizi amachitcha alambique, liwu limene iwonso anabwereka kwa Aarabu. Apa ndiye tafika kwa anthu amene anakonza chiwiya chimenechi, ngakhale iwo sankafuna mowa ayi. Ankafuna golide.

Anthu ofuna kuphika golide

Ku Egypt, cha m'ma 300 pambuyo pa kubadwa kwa Yesu, kunali munthu wotchedwa Zosimos amene analemba za kusandutsa zitsulo. Iyeyo anatchula mayi wina wakale, Maria, amene anali katswiri wa ziwiya zotenthetsera zinthu. Mpaka lero ophika makeke akaika mphika m'kati mwa mphika wina wa madzi otentha amati banho-maria, pokumbukira mayi ameneyu. Luso limeneli Aarabu analitcha al-kimiya, ife tinene kuti alikimiya. Dzina loti kimika linatuluka m'menemo.

Anthu a alikimiya ankakhulupirira kuti zitsulo zimakula pansi pa nthaka ngati chinangwa, ndipo chitsulo chikakhwima bwino chimasanduka golide. M'mabuku odziwika ndi dzina la Jabir ibn Hayyan, wa zaka za m'ma 700, muli chiphunzitso choti zitsulo zonse zinabadwa kwa makolo awiri, merikuriyo ndi sulufule. Ndiye iwo ankati ukapeza muyeso woyenera, mtovu ukhoza kuusandutsa golide. Ku China ankafuna mankhwala oti munthu asafe. Mafumu angapo kumeneko anafa atamwa mankhwala otere, amene ena mwa iwo anali ndi merikuriyo. M'kufufuza komweko, m'zaka za m'ma 800, anatulukira wonga wa mfuti.

Tisawaseke anthu amenewa. Anatisiyira ziwiya, ma asidi ndi njira zoyeretsera zinthu. Ngakhale Isaac Newton, katswiri wotchuka wa sayansi uja, anathera zaka zambiri pa alikimiya. Vuto lawo linali lofanana ndi la pa ng'anjo ya makolo athu: chinsinsi. Ankalemba mophiphiritsa, monga za mkango wobiriwira ukumeza dzuwa, kuti munthu wamba asamve. Ntchito ikakanika ankati wochitayo mtima wake sunali woyera. Popeza panalibe njira yoti wina ayesenso n'kutsutsa, bodza ndi choona zinkagona mphasa imodzi.

Pa mdima wotere akathyali sachedwa kulowa. Ena ankabisa kagolide m'kati mwa ndodo yotakasira n'kumata ndi phula. Phula likasungunuka golide ankagwera mu mphika, mwini ndalama n'kukhulupirira kuti waona chozizwitsa. Zinafika poti mu 1404 dziko la England linakhazikitsa lamulo loletsa kuchulukitsa golide ndi siliva. Kodi zikusiyana pati ndi aja amayenda m'misika mwathu akuti amachulukitsa ndalama mu sutikesi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ludzu lomwelo linafika ku Tete

Ludzu la zitsulo zonyezimira silinathere m'nyumba za alikimiya. Linakwera zombo n'kufika pa Zambezi. Apwitikizi anamva mphekesera zoti ku Chicoa kuli migodi ya siliva, ndipo anataya anthu ndi chuma kwa zaka zambiri akuifunafuna. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka ku Tete atanyamula miyala ya siliva yokaonetsa mfumu ya Portugal, nadutsa m'dziko la Amaravi mpaka kukafika ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Koma mgodi waukulu umene ankaulota sunapezeke.

Golide yekha ndiye analipodi. M'zaka za m'ma 1700 anatsegula migodi kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi, monga ku Mano ndi ku Java, ndipo ambiri okumba anali akapolo aakazi. Gonçalo Caetano Pereira, wochokera ku Goa, amene anthu anamutcha Dombo-Dombo, analemera ndi golide ameneyu. Zidzukulu zake n'zimene zinalamulira Macanga mpaka pamene Chinsinga anagonjetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902. Abale athu a ku Furancungo, mbiri ya boma lanu ndi mbiri ya golide n'zolukana ngati nkhata.

Sikelo inasintha zonse

Tsono alikimiya inasanduka bwanji sayansi? Taonani nkhani ya Hennig Brand wa ku Hamburg. Mu 1669 iyeyu anaganiza kuti popeza mkodzo ndi wachikasu, mwina muli golide. Anawiritsa mkodzo wochuluka kwabasi, ndipo m'malo mwa golide anapeza kanthu kowala mu mdima. Kameneko ndi fosiforasi, P wa pa thumba lija. N'chifukwa chakenso machesi pa Chipwitikizi amatchedwa fósforo. Brand anabisa njira yake n'kumaigulitsa mwamseri, monga mwa chizolowezi cha alikimiya.

Robert Boyle, amene mu 1661 anatulutsa buku lotchedwa The Sceptical Chymist, analimbikitsa njira ina. Iye ankati munthu alembe poyera zimene wachita, ngakhale zimene zamukanika, kuti anzake ayese okha. Amene anamaliza ntchitoyi ndi Antoine Lavoisier wa ku France, mothandizana ndi mkazi wake Marie-Anne, amene ankalemba zotsatira ndi kujambula ziwiya. Chida chake chachikulu chinali sikelo. Anaika chitsulo m'botolo lotseka, naliyeza, nalitentha, naliyezanso. Kulemera kwa botolo lonse sikunasinthe, koma chitsulo chinali chitalemererapo chifukwa chinamwa gawo la mpweya wa m'botolomo. Gawo limenelo analitcha okosijeni. Apo anaonetsa kuti chinthu sichitayika ndipo sichichokera pachabe, chimangosintha maonekedwe. Mu 1789 anatulutsa buku lokhala ndi mndandanda wa zinthu 33 zimene ankaziona kuti sizingagawidwenso. Mu 1794, pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale m'dziko lake, anamudula mutu chifukwa anali m'gulu la okhometsa misonkho.

Zinthu zosagawikazo timazitcha maelementi. Mu 1808 John Dalton anafotokoza kuti elementi iliyonse ili ndi timbewu take tosaoneka, totchedwa maatomu. Mu 1869 Dmitri Mendeleev wa ku Russia anandandalika maelementi 63 amene ankadziwika, nasiya mipata, n'kunena kuti m'mipatamo mudzalowa zinthu zimene zinali zisanapezeke. Mu 1875 chimodzi mwa izo, galiyamu, chinapezekadi monga momwe ananenera. Tchati chimene ana athu amaloweza chija n'chochokera kwa iyeyu, ndipo lero chili ndi maelementi 118.

Tchati chomwecho chimayankha funso la alikimiya. Atomu ya golide ili ndi timbewu 79 totchedwa mapulotoni pakati pake, ya merikuriyo 80, ya mtovu 82. Moto wa mu ng'anjo, asidi kapena mankhwala a sing'anga sangasinthe nambala imeneyi. Mu 1980 Glenn Seaborg ndi anzake ku America anakwanitsa kusandutsa chitsulo cha bisimati kukhala golide pogwiritsa ntchito makina akuluakulu, koma golide wake anali wochepa moti diso silingamuone, pomwe ndalama zimene zinalowa zinali zoopsa. Choncho wina akakuuzani kuti amaphika golide kuseri kwa nyumba, gwirani thumba lanu.

Mpweya usanduka chakudya cha mbewu

Chatsala ndi N, nayitirojeni. Mu mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, koma chimanga sichingamutenge mu mpweyamo. Nyemba, soya ndi mtedza zimatha, mothandizidwa ndi tizilombo tokhala m'timaso ta m'mizu yake, n'chifukwa chake alangizi amati tizichita kasinthasintha wa mbewu. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira yogwira nayitirojeni wa mu mpweya n'kupanga amoniya, ndipo mu 1913 Carl Bosch anatsegula fakitale yoyamba ku Oppau. Feteleza wa yureya amachokera ku amoniya ameneyu. Haber yemweyo ndiye anatsogolera ntchito yothira mpweya wa poizoni pa asilikali mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nzeru ili ngati mpeni, umasenda mbatata komanso umacheka chala.

Tsopano manambala a pa thumba muwamvetsa. Yureya amalembedwa 46, kutanthauza kuti mu makilogalamu 100 muli makilogalamu 46 a nayitirojeni, ndiye m'thumba la makilogalamu 50 muli 23. Pa thumba la 12-24-12, nambala yoyamba ndi ya N wobiriwitsa masamba, yachiwiri ya P wolimbitsa mizu, yachitatu ya K wothandiza mbewu kukhwima ndi kupirira matenda. Manambalawo ndi lonjezo loti munthu wina akhoza kuliyeza. Feteleza wogula pa mbale, wopanda thumba ndi zolemba, alibe lonjezo limeneli, ndipo mukhoza kugula mchenga wosakaniza.

Phunziro lowawa la ku Chitima

Kusiyana kwa kuganizira ndi kuyeza tinakuona ndi misozi m'chigawo chathu chomwechi. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu ochokera ku maliro anamwa mowa wa phombe. Anthu oposa 230 anadwala ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula mowawo. Boma linalengeza masiku atatu a chisoni m'dziko lonse.

Mphekesera inafala msanga kuti wina anathira ndulu ya ng'ona m'mowamo. Tonse tinakula tikumva kuti ndulu ya ng'ona ndi poizoni woopsa, ndiye nkhaniyi sinavute kukhulupirira, ndipo anthu anayamba kukayikirana. Koma mowa ndi ufa zitapimidwa m'malabotale, kuphatikizapo a ku America, zotsatira zimene zinalengezedwa mu Novembala chaka chomwecho zinaonetsa zina. Ufa wa chimanga umene anafululira unali utanyowa n'kuyamba kuola. M'menemo munaswana kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Poizoni ameneyu anali wodziwika kale ku Indonesia, komwe anapha anthu odya chakudya china chowawasa cha kokonati.

Taganizani, abale. Tikanangokhalira pa ndulu ya ng'ona, bwenzi tikusaka mfiti, pomwe ufa woola ukupitirira kulowa m'migolo. Kuyeza kunatipatsa chinthu choti tichite: chimanga kapena ufa umene wanyowa n'kuola, woti sitingaphikire nsima, usapite ku mowa kapena ku thobwa. Maganizo oti "zoola n'za mowa" tiwasiye.

Merikuriyo akadali pakati pathu

Merikuriyo uja wa alikimiya sanapite kutali. Achinyamata athu ambiri amapita kokumba golide ku Macanga, Chifunde ndi Marávia, aja timawatcha magarimpeiro. Ena mwa iwo amasakaniza merikuriyo ndi dothi losefa kuti agwire golide, kenako amawotcha kampira kotuwako pa moto. Merikuriyo amauluka, golide n'kutsala. Nthunzi yakeyo sioneka ndipo sinunkha, koma ikalowa m'mapapo imaononga ubongo ndi impso. Munthu amayamba kunjenjemera manja, kuiwalaiwala ndi kupsa mtima msanga. Wotayikira mu mtsinje amalowa mu nsomba, ndipo amavulaza kwambiri mwana amene ali m'mimba.

Ku Minamata, m'dziko la Japan, matenda obwera ndi merikuriyo wa ku fakitale anadziwika mu 1956 anthu atadya nsomba za m'nyanja yoipitsidwa. Mu 2013 maiko anasainirana pangano lochepetsa merikuriyo, lotchedwa ndi dzina la mzinda umenewu. Chothandiza wokumba wamba chilipo. Ndi kachiwiya kotseka kokhala ndi mpope, kotchedwa retorta, kamene kamaziziritsa nthunzi ija kuti merikuriyo adonthere m'madzi m'malo molowa m'chifuwa. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana ndi alambique wa Aarabu ndi mtsuko wa kachasu. Kamateteza moyo, komanso merikuriyo amabwerera osagulanso wina. Ndipo chonde, kuwotcha kusachitikire m'nyumba, pa mafuwa ophikira, kapena pafupi ndi ana ndi amayi oyembekezera.

Makolo athu anali ndi luso lenileni, umboni wake ndi makasu amene analimitsa dziko lino. Koma makasu a ku fakitale atadzaza m'masitolo, ng'anjo zinazima, ndipo akuluakulu ambiri anapita ndi chinsinsi chawo kumanda chifukwa sichinalembedwe. Kimika inakula chifukwa anthu anayamba kuyeza, kulemba ndi kulola anzawo kuwatsutsa. Zimenezi sizifuna labotale yokha ayi. Mlimi amene wagawa munda wake pawiri, uku manyowa uku feteleza, n'kuwerenga matumba pokolola ndi kuuza anzake pa kalabu, ali pa njira yomweyo.

Zokambirana pa kalabu sabata ino

1. Kodi m'mudzi mwanu muli malo amene pamapezeka zotsalira za ng'anjo? Alipo agogo amene anaonako kapena kumva za kusungunula mtapo? Afunseni ndipo mlembi wa kalabu alembe zimene anene.

2. Chimanga kapena ufa ukaola, kwanuko mumachita nazo chiyani? Ofulula mowa ndi thobwa tingawafikire bwanji ndi nkhani ya ku Chitima popanda kuwanyoza?

3. Bweretsani thumba la feteleza lopanda kanthu, muwerengere limodzi manambala ake. Mwana wa sukulu amene ali pafupi akuthandizeni.

4. Ngati muli ndi m'bale kokumba golide, kodi amadziwa za kuopsa kwa nthunzi ya merikuriyo? Ndani angamuuze?

Mayankho anu apatseni atsogoleri a kalabu kuti adzawerengedwe pa wailesi. Paja safunsa anadya phula.